Zipangizo zodziwa nyengo pazokha: Thyolo asagone

Aliyense amene analowapo m'fakitale ya tiyi ku Thyolo amadziwa kuti tsamba likangothyoledwa, ntchito yatsala ndi ya mphepo, chinyezi ndi kutentha. Masamba amayalidwa kuti afote, kenako amapotedwa, kusiyidwa kuti asinthe mtundu, n'kuumitsidwa. Mukalakwitsa pofotetsa, tiyi yense watsika mtengo pamsika wa ku Limbe. Tsono zimkupiza zopemerera masambawo zimayendera magetsi, ndipo za magetsi athu nonse mukudziwa. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko lino linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunakhala chakudya chatsiku ndi tsiku.

Nkhani imene tikufuna kuti awerengi aimve ndi iyi. Akatswiri kunja akupanga zipangizo zimene pazokha zimamva zomwe zikuchitika pomwe zili, n'kuchitapo kanthu. Mchaka cha 2022, gulu la a Ryan Harne pa yunivesite ya Penn State ku America linaonetsa chinthu chofewa ngati labala chomwe ukachifinya chimapindika, n'kulumikiza tinjira ta magetsi m'kati mwake, n'kuwerengetsa masamu osavuta popanda kompyuta ina. Mchaka cha 2013, a Achim Menges a ku Stuttgart ku Germany anamanga kanyumba kokhala ndi timawindo tamatabwa opyapyala totseguka ndi kutsekeka tokha malinga ndi chinyezi, popanda waya kapena batire.

Musati ndi matsenga a azungu ayi. Khoko la nyemba likauma limaphulika lokha n'kumwaza mbewu. Simbi yamagetsi imadzithimitsa ikatentha chifukwa cha kachitsulo kophatikiza mitundu iwiri komwe kamapindika. Nzeru yake ndi yomweyo: kapangidwe ka chinthucho ndiye ubongo wake.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Taganizani nyumba yofotetsera tiyi yokhala ndi timawindo todzitseka chiperoni chikafika, n'kutseguka kunja kukauma. Taganizani shedi ya alimi ang'onoang'ono, komwe masamba amadikira galimoto padzuwa mpaka kupsa, itakhala ndi denga lodzilowetsera mphepo. Mlimi wotere alibe jenereta ngati Satemwa kapena Makandi.

Chopweteka n'chakuti nzeru tili nazo pakhomo. Yunivesite ya MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ku Ndata m'boma lomweli la Thyolo. Bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa lili ku Mimosa ku Mulanje, mtunda wochepa chabe. Nsungwi ndi matabwa oyeserera zili mbwee. Mutu umodzi susenza denga: awiriwa akhale pansi ndi a Tea Association of Malawi, ophunzira ayese zinthuzi m'mafakitale enieni.

Koma tichenjeze. Luso likabwera kuchokera kunja, kawirikawiri woyamba kulira ndi wantchito, monga zikuonekera ku Kenya komwe makina othyolera tiyi abutsa mikangano yoopsa. Ife tikufuna zipangizo zoteteza tsamba kuti mlimi alandire mtengo wabwino, osati zothamangitsa amayi ndi abambo amene amalawirira m'mamawa ndi dengu kumsana. A bungwe la anthu ogwira ntchito m'maesiteti akhale nawo pazokambiranazo kuyambira pachiyambi.

Tikangokhala manja lende, zinthuzi tidzazigula ndi madola amene tilibe, pomwe tikanazipanga tokha ku Ndata.