Madzi Osacita Thovu Si Ndiwo Mdani

M'mabairo a m'mphepete mwa mzinda wa Tete, monga Matundo ndi Chingodzi, anthu ambiri amadandaula ndi madzi a pampopi. Amayi amati madziwa amatha sopo. Munthu amapaka sopo kawiri katatu, koma thovu osatuluka. Mphika wowiritsira madzi umacita nkhanambo zoyera pansi pake. Ena amati madziwa amamveka kamcere m'kamwa. Cifukwa ca zimenezi, mabanja ena amasiya mpopi n'kukatunga madzi akumwa kumtsinje. Kumeneku ndi kulakwa kwakukulu. Madzi osacita thovu ndi otopetsa, koma sapha munthu. Madzi a kumtsinje amapha.

Kodi n'cifukwa ciyani madzi a pampopi amakana sopo? Madzi amene amafika m'mipopi ya ku Tete amacokera pansi pa nthaka. Amapopedwa m'zitsime zakuya za m'cigwa ca Nhartanda ndi za m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè. Madzi akamayenda pansi, amadutsa mumcenga ndi m'miyala, ndipo amasungunula timicere ta m'miyalamo. Timicere tiwiri timene timavutitsa sopo ndi kalisiyamu ndi maginiziyamu. Madzi okhala ndi timicereti tambiri amachedwa água dura m'Cipwitikizi.

Sopo akakumana ndi timicereti, amagwirana nato n'kusanduka zinyenyeswa zotuwa zimene zimayandama m'beseni. Thovu limayamba pokhapokha timicereto titatha. Madzi omwewo akawira, kalisiyamu amatsalira pansi pamphika. Nkhanambo zoyera zija si uve ayi. Ndi mtundu umodzi ndi njereza yopaka m'nyumba.

Kalisiyamu si poizoni. Ndi yemweyo amene amapezeka mumkaka ndi m'kapenta wa ku Cahora Bassa, ndipo ndi amene amalimbitsa mafupa ndi mano a ana. M'caka ca 2004, Unduna wa Zaumoyo wa dziko la Moçambique unakhazikitsa malamulo a madzi akumwa. Malamulowo amalola timicere timeneti kufika mamiligalamu 500 pa lita imodzi, kutanthauza theka la galamu. Koma nkhanambo zimayamba kuoneka m'miphika timicereti tikangopitirira mamiligalamu 200. Conco madzi angathe kuyeretsa mphika ndi kutha sopo, koma n'kukhalabe abwino kumwa.

Nanga madzi a kumtsinje? M'cilimwe madzi a mu Zambezi amaoneka oyera. Amakoma m'kamwa, ndipo sopo amacita thovu msanga. Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mumtsinje anthu amasamba ndi kucapa. Ng'ombe ndi mbuzi zimamwa momwemo. Mvula ikagwa, imakokolola zonyansa za m'chire ndi za m'zimbudzi zodzaza n'kuzithira mumtsinje. Tizilombo ta kolera, ta kamwazi ndi ta likodzo sitioneka ndi maso, sitinunkha, ndipo sitiletsa thovu. M'caka ca 2015 kolera inagwira anthu ambiri mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, ndipo ena anamwalira. Pamwamba pa matendawo, padooko pali ng'ona. Kawirikawiri wotumidwa kukatunga madzi amakhala mwana.

Wina angafunse kuti, kodi dandaulo la amayi ndi lopanda pake? Iyayi. Sopo amagulidwa ndi ndalama, ndipo ndalama n'zosowa. Nkhanambo zimatsekanso mapaipi ndi kuononga maketulo. Koma mavuto amenewa ali ndi mankhwala ake. Madzi a mandimu kapena viniga amasungunula nkhanambo za mumphika. Sopo waufa amacapa bwino m'madzi oterewa kuposa sopo wamtanda. M'dzinja, madzi amvula ocinga padenga ndi abwino kucapira, cifukwa alibe timicereti. Sopo akatha, banja limagula wina. Mwana akamwalira ndi kolera, palibe sitolo yogulitsa wina.

Izi sizikutanthauza kuti madzi onse a pampopi ndi abwino nthawi zonse. Paipi ikaboola pafupi ndi cimbudzi kapena ngalande, uve umalowa, makamaka pamene madzi asiya kutuluka. Madzi akabwerera, amayamba ndi ofiira kapena amatope. Madzi oterewa ayenera kutayidwa kapena kuthiriridwa kumbewu mpaka atayera. Komanso madzi abwino amaipitsidwa pakhomo pomwepo: cigubu cosatsuka, mgolo wosavundikira, cikho cimene aliyense amamwera n'kucibwezera mumtsuko. N'cifukwa cake madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa, kapena kuthiridwa mankhwala monga Certeza motsatira malangizo a pabotolo, n'kudikira mphindi 30. Mankhwalawa amapha tizilombo, koma sacotsa timicere. Thovu likapitiriza kukana, sikuti mankhwalawo alephera.

Nawo opereka madzi ali ndi udindo. Anthu amathawa mpopi cifukwa palibe amene anawafotokozera zimene zili m'madzimo. Madzi ayenera kuyezedwa kawirikawiri m'bairo iliyonse. Zotsatira zake zimatidwe pamipopi ya anthu onse, kusukulu ndi kucipatala, m'cilankhulo cimene anthu amamva. Paipi yoboola ikonzedwe msanga anthu akanena. Amene amalipira madzi mwezi ndi mwezi ali ndi ufulu wodziwa cimene akumwa.

Ana a sukulu angathandize kwambiri pa nkhani imeneyi. Iwo ndiwo amatunga madzi, amatsuka zigubu ndi kupatsa ang'ono awo madzi akumwa. Mwana amene wamvetsa phunziroli angathe kuuza makolo ake kuti ubwino wa madzi suyezedwa ndi thovu. Banja lanzeru limapirira nkhanambo za mumphika, limavundikira mtsuko wake, ndipo silitumiza mwana kudooko kukatunga madzi akumwa.