Zimene apeza ku Gulupu zikafike m'kalasi

Kuyambira m'chaka cha 1998, wodwala akafika pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre thupi litatentha kwambiri, madokotala n'kukayikira kuti m'magazi mwalowa tizilombo, amamutenga magazi pang'ono n'kuwathira m'kabotolo momwe muli chakudya cha tizilomboto. Kabotoloko amakasunga pofunda. Ngati muli bakiteriya amaswana, ndipo akatswiri a mu labotale amamupaka pa kambale n'kuikapo timapepala tozungulira tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana. Kukacha amakayang'ana. Mankhwala amene akugwirabe ntchito amaoneka msanga, chifukwa pozungulira kapepala kake pamayera mbee, palibe chomera. Amene atha mphamvu, tizilombo timamera mpaka kugunda kapepalako.

Ntchitoyi, imene chipatalachi chimagwira limodzi ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, yachitika mosadukiza kwa zaka zambiri. Mu 2017, Patrick Musicha ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za mabotolo oposa 190,000, kuchokera 1998 kufika 2016, n'kuzisindikiza m'magazini ya madokotala ya Lancet Infectious Diseases. Munali nkhani yabwino: anthu odwala matenda a m'magazi anachepa kwambiri m'zaka zimenezo. Koma munalinso nkhani yodetsa nkhawa. Kuposa theka la tizilombo timene anapeza sitinkamvanso mankhwala amene madokotala ankawadalira poyamba, monga penicillin, chloramphenicol ndi Bactrim. Mwa tizilombo ta mtundu wa Klebsiella, timene timavutitsa kwambiri makanda m'zipatala, pafupifupi 12 pa 100 ndi timene sitinkamva mankhwala a gulu la ceftriaxone mu 2003. Pofika 2016 tinali tafika 90 pa 100. Ceftriaxone ndi jakisoni amene manesi amathamangira wodwala akafooka m'wodi.

Funso langa ndi ili: ndi ophunzira angati a Fomu 4 amene anamvapo zimenezi? Amaphunzira Biology, amaloweza mayina a tizilombo, amajambula bakiteriya m'kope ndi pensulo yosongoka bwino. Koma zoti dziko lonse lapansi limawerenga zimene zapezeka m'magazi a anthu a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, ndiponso zoti zotsatirazo zikukhudza makapisozi amene iwo amagula pa okala, palibe amawauza. Kafukufuku amathera m'Chingerezi chovuta, m'magazini ndi m'misonkhano ya m'mahotela. Mwana amatsala ndi zimene wamva kwa mnzake wa bedi lapamwamba.

Tengani nkhani ya tayifodi. Pakati pa 1998 ndi 2010, ku Gulupu ankapeza anthu pafupifupi 14 okha pachaka amene magazi awo anali ndi kachilombo ka tayifodi. Mu 2014 anapeza 782, ndipo pafupifupi onsewo anali ndi mtundu wosamva mankhwala akale aja. Poona izi, ochita kafukufuku sanakhale chete. Mu February 2018 anayamba kuyesa katemera watsopano wa tayifodi ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, motsogozedwa ndi Pulofesa Melita Gordon. Ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufukuyu. Theka analandira katemera wa tayifodi, theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi, kuti pakhale poyerekezera. Anapeza kuti jakisoni mmodzi yekha amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10, ndipo atawatsatira kwa zaka zoposa zinayi chitetezocho chinali chidakalipo. Mu May 2023 boma linapereka katemerayu kwa ana m'dziko lonse.

Mwana amene anabayidwa ali ndi zaka 10 kapena 12 mu 2018, lero ndi mnyamata kapena mtsikana wamkulu, mwina ali ku sekondale kapena ku koleji. Makolo ake anasainira, iye anapereka mkono, ndipo maiko ena aphunzirapo kanthu. Ine ndikuona kuti mbadwo umenewu uyenera kuuzidwa bwinobwino, m'chilankhulo chake, zimene mkono wakewo unathandiza kupeza. Ndi ngongole imene tili nayo kwa iwo.

Tsopano tiyeni tilowe m'moyo wa wophunzira. Aliyense amene anagonapo m'hositelo, kapena kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, akudziwa mmene zimakhalira. Mnyamata wadzuka ndi chifuwa, kapena m'mimba mwamupotokola. Kuchipatala n'kutali, mzere ndi wautali, ndipo mwina akafika auzidwa kuti mankhwala atha. Ndiye amatsetserekera pa kagolosale.

"Ankolo, mundipatseko makapisozi."

"A ndalama zingati?"

Funso limenelo ndi limene limagamula mlingo, osati matenda. Ankolo amadula pakapepala makapisozi anayi, mwina asanu ndi limodzi, n'kumupatsa. Mnyamata amamwa awiri lero, awiri mawa, thupi likapepukako otsalawo amawaponya m'sutukesi kudikira tsiku lina, kapena kugawira mnzake. Chimfine chambiri chimayamba ndi mavairasi, amene amoxicillin sawakhudza n'komwe, choncho kapisoziyo wangopita pachabe. Ngati analidi bakiteriya, zili ngati kupalira munda modumphadumpha: udzu wofooka wafa, wouma mutu watsala, ndipo tsopano uli ndi malo onse oti uyange. Tizilombo totsalato timaswana, timapatsirana kusamva mankhwalako, n'kuchoka m'thupi la mnyamatayo kupita kwa ena kudzera m'manja, m'chimbudzi ndi m'madzi. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjezeratu za ngozi ya kumwa mlingo woperewera pomwe ankalandira mphoto ya Nobel mu 1945. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu Lancet anapeza kuti mu 2019 mokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni pa dziko lonse anafa chifukwa cha bakiteriya osamva mankhwala.

Sindikunyoza wophunzira wogula makapisozi. Wachita zimene thumba lake ndi nzeru zimene ali nazo zamuloleza. Lamulo loti mankhwalawa agulitsidwe ndi kalata ya dokotala lilipo, ndipo bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi limene liyenera kulilondoloza, koma silingaike munthu pa okala aliyense. Chimene chingaime pa okala aliyense ndi wogula wodziwa.

Pali matenda ena amene wophunzira sapita nawo kuchipatala ngakhale chikhale kuseri kwa mpanda wa sukulu. Apa ndi pamene nkhani ya bakiteriya imakumana ndi ya mowa. Lachisanu madzulo anyamata asonkherana, agula timabotolo ta mowa wotchipa uja unalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa. Mutu ukazungulira, kondomu imaiwalika. Patapita masiku ochepa pokodza pakuwotcha, mafinya akutuluka. Kunena kwa a matironi kapena kwa aphunzitsi oyang'anira hositelo sangayerekeze, chifukwa akudziwa kuti nkhani ikafika ku ofesi, kenako kwa makolo. Ndiye amafunsa mnzake amene zinamuchitikirapo, n'kuuzidwa dzina la mapilitsi. Amamwa mobisa, mafinya aleka, iye n'kuganiza kuti wachira. Mtsikana amene anagona naye mwina sakumva chilichonse, pakuti chinzonono mwa amayi kawirikawiri chimakhala chete, chikuwononga njira za mazira mpaka kudzamulepheretsa kubereka m'tsogolo.

Pa matendawanso kafukufuku wathu alipo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, dziko lino linkadalira jakisoni wa gentamicin pochiza chinzonono. Ochita kafukufuku a pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe atatsatira odwala patatha zaka 25 mankhwalawa akugwiritsidwa ntchito, anapeza kuti sakuchizanso mokwanira monga kale. Ngati jakisoni wa kuchipatala wafika potero, nanga mapilitsi awiri a mnzako wa m'hositelo? Ndikukhulupirira kuti mnyamata wa zaka 18 atauzidwa mfundo imeneyi mosapsatira, ingamugwire mtima kuposa kumuopseza ndi moto wa ku gehena.

Kumwa mowa ndi kusuta chamba pakati pa ophunzira timakutenga ngati nkhani ya mwambo basi. Wapezeka ndi ndudu ya chamba, mwana amaitanidwa ku ofesi, alembetsedwa lipoti, apatsidwa kalata, azipita kwawo. Sukulu yatsuka dzina lake. Koma mwanayo wapita kumudzi kumene chamba chili pafupi kuposa kale, tsiku lonse alibe chochita, ndipo manyazi amuwonjezera chifukwa china chosutira. Sindikunena kuti sukulu isakhale ndi malamulo. Ndikunena kuti pali ana awiri osiyana amene timawalanga mofanana. Wina wangolawa chifukwa cha anzake. Wina thupi lake lagwidwa kale: amadzuka manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, kalasi ya m'mawa sangaimve asanakhwasuleko pang'ono. Ameneyu chibaba chake si mwano. Ubongo wake wazolowera, ndipo ubongo wa wachinyamata umakhala ukukhwimabe mpaka zaka za m'ma 20, n'chifukwa chake woyamba msanga ndi amene amakodwa kwambiri. Munthu amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi atha kukomoka kapena kusokonekera mutu, moti amafunika kusiya moyang'aniridwa ndi achipatala. Chamba chosuta pafupipafupi uli wamng'ono chimawonjezera chiopsezo cha matenda a misala. Mowa umafooketsa chitetezo cha m'thupi, umatsegulira khomo TB, ndipo chidakwa n'chovuta kuti chimalize mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Bakiteriya wa TB naye akapatsidwa mankhwala modukizadukiza amasiya kumva. Zonsezi ndi sayansi yoti mwana wa Fomu 2 atha kuimva.

Thandizo lilipo, ngakhale ndi lochepa. Chipatala cha anthu odwala matenda a maganizo ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Koma mawu oti "ku Zomba" tawasandutsa chitonzo, moti kholo limalolera kubisa mwana m'nyumba kusiyana n'kuti anthu amve kuti wapita kumeneko. Manyazi omwewo amene amathamangitsira mnyamata wa chinzonono ku okala ndi amene amatsekera wa chibaba m'chipinda. Panonso kwabwera kubetcha kwa pafoni, kumene kukudya ndalama za fizi ndi za chakudya mwakachetechete, ndipo nakonso mwana amaulula zinthu zitafika kale poipa.

Phunziro la Life Skills lilipo m'sukulu zathu, ndipo aphunzitsi ambiri amaliphunzitsa ndi mtima wonse. Vuto n'lakuti lasanduka loloweza. Mwana amatha kutchula kuipa kwa mankhwala ozunguza bongo kusanu pa mayeso, n'kukhoza bwino, madzulo ake n'kukasuta. Amadziwa yankho limene wochonga akufuna. Chimene sanauzidwe ndi chimene chikuchitika m'thupi mwake, ndi khomo limene angagogode zikamuvuta popanda kuchotsedwa sukulu.

Mmene sukulu zingathandizire tinaziona mu 2023. Mu January, kolera itavuta, sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Mliri umenewo unapha anthu oposa 1,700. Sukulu zitatsegulidwa, zidebe za madzi ndi sopo zinali pamakomo a makalasi, ana ankadziwa za klorini ndi thanzi ORS, ndipo ankakaphunzitsa makolo kunyumba. Unduna wa Zaumoyo ndi wa Maphunziro unayenda limodzi chifukwa imfa inali poonekera. Kusamva mankhwala ndi uchidakwa zimapha pang'onopang'ono, mmodzimmodzi, n'chifukwa chake sizidzutsa anthu chimodzimodzi.

Zofunika kuchita si zodula. Ophunzira a udokotala, unamwino ndi za mankhwala a ku yunivesite ya KUHeS amapita kale m'madera kukaphunzira ntchito. Sukulu ya sekondale yapafupi ikhale gawo la ulendowo, akalankhule ndi achinyamata anzawo ngati akulu awo, osati ngati apolisi. Bungwe lililonse lochita kafukufuku pa Amalawi lizilemba zotsatira zake pa tsamba limodzi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, tsambalo lifike m'manja mwa mphunzitsi wa Biology. Olemba silabasi ku Domasi aikemo nkhani ya tayifodi wa ku Ndirande ndi Klebsiella wa ku Gulupu, ndi manambala ake. Ndipo sukulu iliyonse yogonera konko ikhale ndi munthu mmodzi, kaya ndi nesi, kaya mlangizi wa zaumoyo wochokera pa chipatala chapafupi, wobwera tsiku lodziwika pa sabata, amene wophunzira angamuuze za mafinya kapena za manja onjenjemera, nkhaniyo n'kuthera m'kabuku ka kuchipatala osafika pa tebulo la ahedi.