Alekeni ana akagone kuthengo, koma muyambe mwaona za m'cola mwao

Sabata yatha kunali phokoso pa nyumba yoyandikana nafe m'komboni. Mnyamata wa giredi 11 anapempha amai ace kuti masukulu akatsekera apite ku Katete ndi anzace anai. Anati adzatsika basi pa boma, nayenda wapansi m'mapiri ndi kugona kuthengo masiku atatu, ndipo ulendo wao ukathere ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Amaiwo anakana kwa mtu wa galu. Anati kuthengo kuli njoka ndi mfiti, ndipo mwana amene ali ndi bedi kunyumba alibe cifukwa cogonera pansi ngati mlenje.

Ine ndili kumbali ya mnyamatayo. Amai ace sindikuwaseka ai, pakuti mai aliyense amadera nkhawa mwana wace. Koma ndiona kuti akuopa zolakwika. Zimene zimabweza ana athu ali odwala pa maulendo otere ndi tinthu tating'ono timene sitionekera patali, ndipo pafupifupi tonse tingapewedwe ndi katundu wokwana m'cola cimodzi.

Kugona kuthengo si cinthu cacilendo kuno kum'mawa. Agogo athu anali kuyenda wapansi masabata ambiri kupita ku Halale kukafuna nchito, akugona pamene dzuwa lawalowera. Mpaka lero alimi amagona kumadimba kulondera ndiwo zao. Caka ndi caka, Loweruka lotsiriza la August, Acewa ocokera muno mu Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ambiri amagona m'misasa ya udzu masiku angapo. Ku Malambo, kucokera pamene Norman Carr anatsegula kampu yace yoyamba m'dziko la Mfumu Nsefu mu 1950, alendo akunja amalipira madola ambiri kuti ayende wapansi m'chire ndi kugona kumene akumva afisi. Ife mapiri a ku Katete, a ku Sinda ndi a ku Vubwi tili nawo pafupi, ndipo palibe amene amatilipiritsa. Kodi mwana amene amakhalira foni tsiku lonse, kapena kuzungulira pa mashabini, ndiye ali bwino kuposa amene wayenda makilomita 15 ndi kudziphikira yekha nsima pa mafuwa? Tayang'anani mzere wa odwala BP ndi shuga pa kiliniki yathu. Miyendo ya m'tauni inaiwala nchito yace.

Bvuto ndi lakuti mwana wa m'komboni ndi mlendo kuthengo, ngakhale kuli kwao kwa atate ace. Wa kumudzi adziwa citsime comwe amamwa anthu ndi comwe amamwa ng'ombe. Adziwa pogona ndi posagona. Wa m'tauni adziwa nambala ya minibasi.

Mdani woyamba ndi udzudzu. Ambiri amaganiza kuti nyengo ya cilimwe kulibe malungo. N'zoona kuti udzudzu umacepa mvula ikatha, koma sutheratu, ndipo umatsalira m'madambo, m'madimba ndi m'mbali mwa mitsinje, malo omwewo amene woyenda amasankha kugona cifukwa madzi ali pafupi. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo kufikira mbandakuca. Munthu amene amalumidwa kawirikawiri thupi lace limazolowerako pang'ono kulimbana ndi matendawa, koma mphamvu imeneyi imatha akakhala zaka kumene malungo ndi ocepa. Motero mdzukulu wocokera ku Lusaka angadwale mwakayakaya pamene msuweni wace wa kumudzi, amene anagona naye pa mphasa imodzi, angomva mutu cabe.

Izi ndinaziona pa thupi langa. Caka cina ndinagona masiku awiri pafupi ndi kamtsinje kena kumbali ya Sinda, neti ndinaisiya kunyumba poti unali mwezi wa August. Ndinabwerera ndili bwinobwino. Patapita masiku 12 ndinayamba kumva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi. Za ulendo uja ndinali nditaiwala kale, ndipo ndinataya masiku awiri ndikumwa Panado, kufikira ananditengera kucipatala ndikubwebweta. Malungo amatero. Saonekera tsiku lomwelo. Amatenga sabata imodzi, awiri, nthawi zina mwezi.

Tsono neti ilowe m'cola poyamba, zina pambuyo. Siilemera. Imamangika pa nthambi ya mtengo kapena pa timitengo tinai tozika pansi, ndipo m'munsi mwace muipindire kunsi kwa mphasa. Boma limagawa maneti aulere, ndipo ena a ife tinachingira nawo anapiye ndi matimati. Mwana akabwera ku ulendo, lembani tsiku pa kalenda. Akatentha thupi mkati mwa mwezi umenewo, apite kukapimitsa magazi tsiku lomwelo, ndipo auze anamwino kumene anagona. Akapatsidwa Coartem amalize masiku onse atatu, ngakhale ayambe kumva bwino pa tsiku laciwiri. Makolo ena akali kukhulupirira chloroquine. Mankhwala amenewo analeka kugwira nchito pa malungo a kuno, ndipo boma linawasiya zaka zoposa 20 zapitazo. Mai wapakati ndi mwana wa ku sikelo, amenewo ulendo wotere awuleke.

Nkhani ya madzi ndi cimbudzi ndiyo ndifuna tikhalepo pang'ono, cifukwa apa woyenda angadzipweteke yekha, angapwetekenso mudzi umene wadutsamo.

Madzi oyera m'maso si ndiye kuti ndi abwino. Mu January 2023 kolera inabuka m'boma la Vubwi, kumalire ndi Malawi ndi Mozambique. Kumapeto a caka comweco inabukanso ku Lusaka nifalikira m'dziko, inapha anthu oposa 700, masukulu anacedwa kutsegulira mu 2024, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Kolera ingaumitse munthu wamkulu m'maola ocepa cabe. M'tauni mungathamangire ku kiliniki pa takisi. Nanga pamwamba pa phiri, pamene ngakhale foni siigwira? Madzi a mumtsinje kapena a pa citsime cosabvundikira awiritsidwe kufikira abwadamuke mphindi imodzi yathunthu. Ngati nkhuni zabvuta, kabotolo ka Clorin n'kochipa ndipo kakwana m'thumba. Thirani monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi amatope ayambe asefedwa pa citenje coyera. Pamene pali mjigo, tungani pa mjigo, ngakhale pakhale patali.

M'colamo mukhalenso mapaketi a Madzi a Moyo. Akatha, mungapange nokha: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'ono 6 a shuga osadzaza mulu, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Wotsegula m'mimba azimwa pang'onopang'ono kosalekeza pamene anzace akumutengera ku kiliniki. Ndipo anyamata, kusambira m'madamu ndi m'madzi oima kumene kuli nkhono ndiko kugula likodzo.

Za cimbudzi ambiri amacita nazo manyazi, koma tinene. Kuthengo kulibe cimbudzi, ndipo woyenda amangobisala kuseri kwa citsamba n'kumapita. M'midzi yambiri ya ku Katete ndi ku Sinda nkhumba zimayenda zokha osatsekeredwa, ndipo zimadya zimene munthu wasiya. Ngati munthuyo ali ndi njoka ya m'mimba yaitali ija yaphanthiphanthi, mazira ace amalowa m'nkhumba nasanduka masese, timatuza toyera tija timene timaoneka m'nyama. Wodya nyama ya masese yosapsa bwino amatenga njokayo. Coopsa koposa ndi ici: munthu akameza mazirawo kupyolera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo, masese amamera m'thupi mwace, ngakhale mu ubongo, ndipo angayambe kugwa khunyu patapita zaka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti kumene njoka imeneyi ili yofala, anthu atatu mwa 10 alionse odwala khunyu amadwala cifukwa ca iyo. Akatswiri a ku University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Belgium akhala akufufuza matendawa m'midzi ya ku Katete ndi ku Sinda cifukwa kumeneko alikodi. Ife tikaona wakhunyu timathamangira kunena kuti anamulodza.

Mankhwala ace ndi kakhasu. Kumbani kadzenje kakuya ngati cikhato ndi theka, kutali ndi madzi mapazi osacepera 50, ndipo mukatha kwirirani ndi kupondapo kuti nkhumba kapena mvula isafukule. Sambani m'manja ndi sopo. Kacidutswa ka sopo sikanalemetsepo munthu. Ndipo pa misonkhano yaikulu pamene nyama yoocha imagulitsidwa usiku pa kuunika kwa koloboyi, nyama ya nkhumba imene ili yofiira mkati ibwerere pa moto.

Moto nawo uli ndi milandu yace. Usiku wa June ndi July kumapiri kumazizira kwambiri, ndipo anyamata amalowetsa mbaula m'tenti kapena m'msasa wochinga ndi mapulasitiki. Makala amatulutsa mpweya woipa wopanda pfungo, munthu amangomva tulo tokoma osadzukanso. M'makomboni mwathu tamvapo maliro otere m'nyumba zotseka mazenera. Mbaula igone panja, munthu apfunde bulangeti. Mu August udzu wauma ndipo mphepo ndi yamphamvu, msasa wa udzu umatha m'kanthawi kocepa. Lambulani pozungulira musanasonkhe moto, ndipo pocoka muuzime ndi madzi kapena dothi. Lupsa limene mwasiya m'mbuyo lidzatentha udzu wofolerera nyumba za eni mudzi ndi msipu wa ng'ombe zao.

Njoka zimene amai aja akuopa ziliko ndithu, koma zambiri zimathawa zikamva mapazi. Yosathawa ndi mphiri, imene imangogona m'njira. Nsapato zotseka ndi tochi usiku ndiye citetezo, osati mapatapata. Kutumulani nsapato ndi bulangeti m'mawa musanazigwire bwino. Wina akalumidwa, musateme mphini, musayamwe bala, musamange cingwe colimba pa mwendo, pakuti zimenezi zimaonjeza bvuto. Mubvuleni mphete, wochi ndi nsapato, mwendowo usagwedezeke, ndipo mumunyamule pa macira, pa njinga kapena pa ngolo kufikira kucipatala. Amene ali kumbali ya Katete adziwe njira ya ku St Francis, cipatala cimene cakhalapo kuyambira 1948. Kulikonse kumene apita, adziwe kiliniki yapafupi asanagone, osati ngozi itacitika kale.

Kuthengo kuli eni ace, ngakhale sikuoneka mpanda. Safunsa anadya phula. Ofika m'dera lacilendo ayambe kwa anyakwawa, apereke moni mwaulemu, anene kumene acokera ndi masiku amene adzakhala. Amfumu adzawauza pogona pabwino, madzi abwino, ndi malo osayenera kupondako. Mwana wa m'tauni akaona msitu wowirira wa mthunzi wabwino pafupi ndi mudzi amati wapeza pogona, osadziwa kuti ndi manda, ndipo kwa Acewa kumeneko kungakhale kudambwe, kumene wosalowa gule saloledwa. Nkhalango za boma nazo zili ndi lamulo lace la 2015, ndipo wofuna kugonamo ayambe wapempha cilolezo ku ofesi ya zankhalango pa boma. Ku Vubwi malire saoneka ndi maso, munthu angawoloke kulowa dziko lina osadziwa, motero registiresheni ikhale m'thumba. Ubwino wina wa kupita kwa amfumu ndi wakuti ana akapanda kutsika phiri pa tsiku limene ananena, pali wina amene adzatuma anthu kukawafuna.

Asapite mmodzi. Anai kapena asanu ndiye bwino, kuti wina akapweteka awiri atsale naye, ena athamange kukaitana anthu. Pakhale wamkulu mmodzi wodziwa dera, kaya ndi amalume, kaya ndi msuweni wa kumudzi. Atsikana nawonso ali ndi miyendo, ndipo sindiona cifukwa cowatsekera m'nyumba, malinga apite pagulu lodziwika ndi makolo ndiponso ndi mai wacikulire. Mowa utsale. Zambiri zimene ndalemba pano mwana wosaledzera angazikumbuke, woledzera sangamange ngakhale neti.

Nditawerengera zonse, ndinauza amai a mnyamata uja kuti neti ali nayo kale, kakhasu kali kuseri kwa nyumba, poto, bulangeti ndi cigubu ca malita asanu n'za m'nyumba momwemo. Zogula ndi Clorin, sopo, mabatire a tochi, macisi ndi Madzi a Moyo, ndipo zonse pamodzi sizifika mtengo wa nsapato zimene mwanayo anawalirira pa Khrisimasi. Anandiyankha kuti mwana si wanga, ndipo akalumidwa ndi njoka sindine ndidzagone naye m'cipatala. Sanabvomerebe. Koma atate ace a mnyamatayo atumiza kale mau kwa mlamu wao wa kwa Kawaza kuti ngati ana abwera, akawacingamire pa boma.