Mawu a Mkonzi: Zithunzi za setilaiti zifike kwa mlangizi

Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema polengeza kuti chilala chagwetsa dziko la Zambia m'tsoka, anati mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga apserera. Mlimi wa kwa Kawaza kapena kwa Nyanje sanadikire kuuzidwa, masamba anali atapiringizika kale m'munda mwake. Masetilaiti nawonso anali ataona.

Makinawa sagona. Sentinel-2, ya ku Ulaya, imajambula Katete, Sinda ndi Vubwi masiku 5 alionse, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi chake ndi mamita 10 mbali zonse. Dimba limaoneka, damu likaphwa limaoneka, ngakhale chimanga chofota chimadziwika chifukwa tsamba lodwala silibweza kuwala ngati lamoyo. Zithunzi zimenezi n'zaulere. Zogulitsa zimafika masentimita 30, zoti n'kuwerenga nazo madenga a malata ku Mkaika kapena maenje a okumba golide ku Vubwi. Za Landsat zinayamba mu 1972, kotero wotsutsa kuti makala akumaliza mitengo angoyerekeza chithunzi chakale cha mapiri a Mphangwe ndi cha lero.

Nkhani yathu yagona pa inshuwalansi ya nyengo imene mlimi wa mu FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo zaulimi, amalipira pamodzi ndi ndalama ya fataleza. Kuti apatsidwe chipukutamisozi kapena ayi zimadalira kwambiri zimene setilaiti yayeza. Tsono masetilaiti oyeza mvula alibe maso akuthwa ngati ojambula aja, dera la makilomita angapo amalitenga ngati munda umodzi. Chonsecho mvula ya kuno imasankha: imagwa tsidya lino la mtsinje, tsidya lina fumbi lili koboo. Munthu angauzidwe kuti kwawo mvula inakwana pamene nkhokwe ili pululu. Ojambulawo nawo mitambo ya Januwale imawatseka maso, ndipo posiyanitsa chimanga ndi nshawa zolimidwa mosakaniza amavutika.

Sitikuti makinawa atayidwe, ayi. Tikuti zimene aona zisamathere m'maofesi a ku Lusaka. Dziko lili ndi National Remote Sensing Centre, nanga chovuta n'chiyani kuti mlangizi wa pa kampu alandire mapu a dera lake pa foni, awayale pa msonkhano wa kopaletivu, alimi aloze pamene makina aphonya? Mafumu, monga a Pembamoyo ndi a Mbang'ombe, awalandirenso, poti milandu ya malire ndi ya nkhalango imathera pabwalo pawo. Makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi apemphe zimenezi mvula isanagwe.