Gaga yekha sangakupatseni dzira

Amayi ndi abambo, lero tikambeko za nkhuku. Wina afunsa kuti namwino ndi nkhuku zikugwirizana pati. Zikugwirizana pa mbale ya mwana. Kusikelo timakuuzani kuti mwana akakwana miyezi 6 ayambe kudya dzira lopsa bwino, inu n'kuyankha kuti nkhuku zilipo koma siziikira. Nanga ziikira bwanji pamene chakudya chake ndi gaga basi?

Gaga ali ngati nsima yopanda ndiwo. Amapatsa mphamvu, koma zomanga thupi zilimo zochepa, chonsecho dzira limapangidwa ndi zomanga thupi. Nthawi ya dzinja nkhuku imadzitolera yokha tizilombo ndi msipu. Kukafika Seputembala ndi Okutobala pansi pamauma gwa, imangopalasa fumbi tsiku lonse, mazira n'kuchepa. Za mtundu wa Mikolongwe ndiye zimavutika kwambiri chifukwa zimafuna chakudya chochuluka kuposa zachikuda.

Chakudya cha m'sitolo cha nkhuku zoikira ndi chabwino, koma pa nkhuku zisanu zoyenda pabwalo ine sindiona chifukwa choti muthere ndalama ya sopo. Ngati munalima soya, mukazingeni mpaka afiirire, musinje, musakanize mbale imodzi ya soya ndi mbale zitatu za gaga. Osapereka wosakazinga, amalepheretsa chakudya kugayika bwino ndipo anapiye amapinimbira.

Pano ndiye pofunika kusamala. Soya akakhala wochepa pakhomo, ndi wa phala la mwana. Usipa nawonso ndi wa mwana. Nkhuku ipatseni zimene munthu sadya: fumbi la usipa lotsalira pansi pa dengu (lisakhale la mchere wambiri), zotsala akayenga mafuta a mpendadzuwa, masamba a chisoso ndi bonongwe okhwima, komanso chiswe. Chiswechi n'chaulere. Ikani ndowe youma, zitsononkho ndi udzu mumphika wakale, wazani madzi pang'ono, vundikirani pafupi ndi chulu madzulo. Chikalowa, kakhuthulireni anapiye. Koma mphikawo ukhale kutali ndi nyumba ndi nkhokwe!

Mazira akamatuluka ofewa, otchani zigoba za mazira kapena mafupa, musinje, muthire pang'ono mu gaga. Madzi oyera asasowe.

Chimene ndimakana ndi chizolowezi chosankha chimanga kapena mtedza wa chuku n'kuponyera nkhuku. Chukucho chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Nkhuku imafooka, imachepetsa kuikira, ndipo wina pang'ono amatha kufika m'dzira limene mukamupatse mwana. Zowola zikwirireni.

Ndiye zikayamba kuikira, musathamangire nawo onse kumsika kapena kusiyira thadzi kuti lifungatire onse. Lisiyireni 8 kapena 10, enawo muphikire mwana. Zoti mwana kapena mayi woyembekezera asadye mazira zilibe umboni ku chipatala. Mayi oyembekezera, idyani ndithu, bola likhale lopsa mpaka pakati.