Ophunzira Ntchito Ayambire ku Malire

M'chaka cha 2018 Boma linakhazikitsa ndondomeko yotumiza anyamata ndi asungwana otsiriza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maunduna. Ganizoli linali lanzeru. Koma pali nthambi ziwiri zimene wophunzira ntchito sangazidziwe atangokhala pa mpando ku Capital Hill, ndizo chitetezo cha dziko ndi ubale wa Malawi ndi maiko ena.

Sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu imaphunzitsa za chitetezo, ndipo ku Zomba amaphunzitsa za ndale ndi kayendetsedwe ka boma. Achinyamata odziwa mabuku alipo. Chosowa ndi kuwatuma kumene nkhanizi zimabadwira, ndipo dera la Mfumu Jenala m'boma la Phalombe ndi amodzi mwa malo otere.

Dera limeneli lili m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891 linatchula gombe la kum'mawa kwa nyanjayi pofotokoza malire a dziko lino ndi Mozambique. Tsono nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo gombe lake limayenda. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Madzi akathawa, msodzi amatsata matemba kumene apita, mlimi amadzala pamene panali madzi, ndipo palibe amene amayamba wafunsa za chipilala cha malire. Mikangano yotere mfumu ndiyo imayamba kuimva. Ku Lilongwe mbiri imafika mochedwa, mwina osafika nkomwe. Kodi mkulu wokakambirana ndi anzake a ku Maputo adzanena chiyani ngati palibe amene anakhala pansi ndi asodzi ndi mafumu nalemba bwino lomwe zimene zikuchitika?

Anthu a ku Phalombe amadziwa kuti moto wa kwa mnansi suchedwa kufika pa tsindwi lako. Nkhondo itakula ku Mozambique mu 1986, anthu anathawira kuno mwaunyinji, ndipo pofika mu 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome, othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni. Boma la Mulanje, limene Phalombe anali mbali yake kufikira 1998, linalandira ambiri. Okalamba amene anawagawira minda ndi nsima akalipo, koma akutha mmodzimmodzi, ndipo nzeru zawo sizinalembedwe mokwanira. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za chisankho ku Mozambique zinathamangitsiranso anthu ku Nsanje ndi kusokoneza njira zodzera mafuta.

Ena adzati nkhani za chitetezo ndi zachinsinsi, zosayenera mwana wa dzulo. Zoona, zinsinsi zilipo, ndipo zili ndi eni ake olumbira. Koma kuwerenga matumba a chimanga ndi nandolo odutsa malire pa njinga, kufunsa chifukwa chimene odwala a tsidya lina amadzera ku zipatala za kuno, kulemba m'mene mphepo ya Freddy ya 2023 inamwazira mabanja, zonsezi si zinsinsi ayi. Ndi kafukufuku amene unduna uliwonse umamusowa.

Nkoyenera kuti Unduna wa Zakunja, pamodzi ndi nthambi za chitetezo, upatule malo a ophunzira ntchito otere, ndi kuti aliyense athe miyezi ingapo pansi pa Bwanamkubwa wa boma la m'malire asanalowe mu ofesi ku Lilongwe. Posankha, zotsatira za mayeso zitsogole, osati kalata ya malume. Ndipo mwana wa kwa Jenala amene amamva Chilomwe, amene azakhali ake ali ku Milange, asaonedwe ngati wotsalira. Iye adzamva zimene womasulira akanazibisa. Alipidwe pa nthawi yake, popeza mwana wa mlimi sangakhale miyezi itatu osalandira kanthu, ndipo lipoti lake lifike pa desiki la Mlembi Wamkulu, liwerengedwe ndi kuyankhidwa.