Injiniya wosadziwa moto tipite naye kuti?

Wophunzira aliyense wa mechanical engineering angakulembereni pabolodi kuti kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti ipse bwino. Wakhoza, mpatseni malikisi. Tsopano muimikeni pambali pa jenereta ya dizilo yomwe ikufuka utsi wakuda bii, mumfunse chavuta n'chiyani. Ngati sanagwirepo injini ndi manja ake, angoti kakasi. Makaniko wa ku Ndirande ayankha asanapukute n'komwe girizi m'manja: mafuta achuluka, mpweya wachepa, taonani fyuluta ndi ma injekita.

Zimenezi zimandipsetsa mtima, ndipo wolakwa si mwanayo. Wolakwa ndi aliyense amene amasainira digiri ya munthu woti sanayatsepo moto mu labotale.

Moto umafuna maso, mphuno ndi manja. Wophunzira atsegule yekha mpweya pang'onopang'ono, aone lawi lachikasu losiya mwaye likusanduka labuluu. Alowetse chipangizo choyezera mu chumuni, aone carbon monoxide ikukwera akangomana moto mpweya. Utsi umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, koma umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Kenako achulutse mpweyawo dala, aone kutentha kukuthawira kumwamba, mafuta akupita pachabe. Buku limanena zonsezi m'mizere iwiri, mwana n'kuiwala mayeso akangotha. Amene wazichita ndi manja saiwala.

Ndipo dziko lino likuyendera moto! Maboyila a ku Nchalo ndi ku Dwangwa amatentha zotsalira za nzimbe. Mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amadya nkhuni. Mabani a fodya wa flue-cured nawonso amadya nkhuni. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, amene ankatha anathamangira majenereta a dizilo. Ng'anjo iliyonse yoyaka molakwika ikutidyera mitengo ndi ndalama zakunja zimene timagulira mafuta. Aikonze ndani ngati injiniya wathu lawi amangoliona pa chithunzi?

Musatiuze zoti zipangizo n'zodula. Injini yakale ya lole, ng'anjo ya gasi, zoyezera kutentha ndi choyezera utsi chimodzi sizingafike pa mtengo wa galimoto imodzi ya bwana. Akuluakulu a mayunivesite, gulani zimenezi chaka chino. Inu a mafakitale, tsegulirani ana zipinda za maboyila anu, agwire nawo ntchito miyezi ingapo asanalembe mayeso omaliza.